Mbewa za Pemphani

"Idyani achimwene, zakale zinapita," anatero Malizani, akukhuthulira mbewa zootcha m'mbale ya Pemphani, mwamuna amene anamulanda mkazi wake Maness konkuno ku Kawale.

Pemphani anakukuta mpaka michira. Malizani mtima unangoti myaa.

Kuntchito kwake, komwe ankasamala mbewa zoyera za akatswiri ofufuza, anamva dokotala akunena kuti cheza cha makina ounikira m'thupi chimawononga umuna wa mbewa zamphongo, moti ana ake amafera m'mimba, ena n'kubadwa opunduka. Ndiye Loweruka lililonse ankadzitsekera m'chipinda cha makinawo n'kumaziwomba nacho mbewa zopita kwa Pemphani, iye ataimirira pompo, chovala chodzitetezera chili chikolekere pakhoma.

"Mtundu wako uthere pomwepa, galu iwe!" ankatero Malizani, akuganiza za Pemphani.

Patatha miyezi isanu anakumana ndi Maness pamsika wa Mchesi, mimba ili patsogolo.

Lolemba anafunsa mozembaitsa: "Adokotala, nanga munthu atadya mbewa zowombedwa ndi cheza?"

"Angokhuta basi. Cheza sichitsalira m'nyama, chimawononga yekhayo amene chamuwomba." Dokotalayo anayang'anitsitsa zotsatira za kabaji koyezera cheza kamene Malizani ankavala pamalaya, nkhope n'kugwa. "Koma a Malizani, takhalani pansi kaye. Kodi ana muli nawo kale?"