Wothyola Tiyi Mumdima

Lachisanu dzuwa litalowa, Sabata litayamba kale, amayi anandituma kukapereka mankhwala kwa azakhali kuseri kwa munda wa tiyi. M'malaya ndinabisamo buku lomwe anandibwereka mnzanga Keith, lonena za munthu wopha akazi ndi chikwanje. Amayi ankaganiza kuti kuchipinda ndimawerenga phunziro la Sabata.

Pakati pa mundawo ndinamva manja akuthyola tiyi. Palibe amathyola tiyi mumdima, koma mayi wina anali pomwepo, dengu kumsana, atandifulatira.

"Mwalimaliza buku lija, achimwene?" anafunsa osacheuka.

Ndinayankha kuti ayi.

"Mungalimalize bwanji mukungobwerera paja akundidula? Dzulo munachita kuyandikitsa tochi."

Manyazi anandigwira. Ndinafuna kunena kuti ndinkamumvera chisoni mayiyo, koma likanakhala bodza. Pamenepo pankandikomera.

"Mukatsegulapo, wachikwanje uja amayambiranso," anatero, uku akukonza mpango womwe anakulunga m'khosi. "Kaperekeni mankhwalawo. Mundipeza kwanu, ndikucheza ndi amayi anu."

Anadutsa pakati pa tiyi kulunjika kunyumba kwathu, ndipo palibe nthambi yomwe inagwedezeka.