Nkhanga, Mfuko ndi Masamba Ouma

Padangokhala Nkhanga ndi Mfuko, oyandikana madimba. Mvula itakata, masamba a mitengo anayamba kuyoyoka. Nkhanga, wokonda ukhondo uja, ankasesa m'mawa uliwonse n'kutentha zinyalala zonse. Mfuko ankakokera zake m'dzenje n'kukwirira.

"Achimwene, uve mukuusunga ngati chuma?" anaseka Nkhanga. "Tiyeni tifese mpiru tsiku limodzi, tione amene ayambe kuthyola ndiwo."

Mfuko anavomera. Onse anafesa, onse anathirira. Koma dothi la Nkhanga linali gwa, madzi ankangoyenderera pamwamba. Mpiru wake unamera wachikasu, wonyozoloka, pamene wa Mfuko unali biriwiri. Nkhanga anapalasapalasa mpaka zikhadabo kuwawa, anapiye ake akulira njala.

Mapeto ake anapita kwa mnzakeyo atazyolika. "Ndagonja, achimwene. Mankhwala ake n'chiyani?"

Mfuko anafukula dzenje la chaka chatha. Masamba anali atasanduka manyowa akuda bii.

"Nthaka nayonso imadya, achemwali, koma inu mumaiwotchera chakudya. Bweretsani dengu, nthawi yofesa ikadalipo."

Nkhanga anasenza madengu atatu, nafesanso. Chisanu chisanathe, anapiye ake ankabisalirana mumpiru wowapitirira msinkhu. Nthano yanga yathera pompo.