Mwana wa Alesi Wabwera

Crispin Namakhwa anafika pa laibulale nkhungu isanachoke m'minda ya tiyi. Chitseko anachipeza chotsegula, mkati mulibe munthu. Anakhala pa benchi ya pawindo, pomwe ankakhala ali mwana.

Laibulaleyo inali chipinda chimodzi basi, pakati pa msika wa pa esiteti ndi kanyumba ka sikelo ya ana. Khonsolo inali italengeza kuti ndalama za chaka chino zachepa. Laibulale itsekedwa. Sikelo izichitika mwa apo ndi apo. Osesa pamsika achotsedwa ntchito. Anthu anakana, ndipo tsikuli linali loti akuluakulu a khonsolo abwere adzayankhe pamaso pawo.

Crispin anayang'ana mashelefu. Mabuku ambiri anali omwe aja, zikuto zomata ndi selotepi. Denga linkadonthabe pakona, beseni lili pansi. Mayi ake, malemu Alesi, ankamusiya muno popita kothyola tiyi, dengu kumsana, n'kudzamutenga madzulo zala zitada bii. Muno ndimo anawerengera mayeso amene anamutengera ku sekondale, kenako ku yunivesite. Mayi akewo atamwalira, nyumba yawo ya ku malayini inapatsidwa kwa banja lina. Pa esiteti yonse, chipinda ichi chokha ndicho chinatsala choti angalowemo osanena odi.

A Yesaya, woyang'anira laibulale, analowa akukoka phazi. Anali atakalamba, maso atachita mbuu. Anamuyang'ana mlendoyo koma sanamuzindikire.

"Lero sitikubwereketsa mabuku, bambo. Kuli msonkhano."

"Ndabwerera msonkhano womwewo."

"Ndiye tithandizeni kutulutsa mabenchiwa."

Crispin anavula jekete. Anatulutsa mabenchi limodzilimodzi n'kuwayala pansi pa bulugamu. Malaya ake oyera anada fumbi. Palibe anamufunsa dzina.

Anthu anayamba kufika. Othyola tiyi anabwera ndi mapulasitiki awo m'chiuno, akadali onyowa ndi mame. Alimi a ku Changata anabwera pa njinga. Amayi a pamsika anasiya tomato wawo atavindikira ndi masaka. Ankapatsana moni m'Chilomwe, kugwirana m'manja, kuseka. Crispin anaima kumbuyo kwenikweni. Chilomwe ankachimvabe, koma lilime linali litalemera. Anafunafuna ndi maso anzake amene anakula nawo. Ena anapita ku Joni. Ena ali kumanda kuseri kwa fakitale. Amene anatsala anangomudutsa ngati mlendo wodikira minibasi.

Mayi wina wachikulire, wa duku lofiira, anaima n'kumuyang'anitsitsa. Anali a Teleza, amene ankathyola tiyi mzere umodzi ndi mayi ake.

"Kodi si mwana wa Alesi uyu? Crispin! Mpaka imvi?"

"Ndine, amayi."

Anamugwira dzanja ndi manja awo awiri, osamusiya.

"Ndinadziwa kuti ukamva ubwera. Mdzukulu wanga amawerengera muno. Kunyumba kulibe magetsi, ngakhale tebulo. Ife tikalankhula amati othyola tiyi akudziwa chiyani. Iwe uli ndi sukulu. Lero utilankhulire."

A Teleza anamupatsa chikwangwani chimene ananyamula, katoni ya sopo yolembedwa ndi makala: MUSATITSEKE MASO.

"Gwira. Anga manjawa atopa."

Anagwira. Nkhani inayenda m'mabenchi kuti mwana wa Alesi wabwera. Mitu inatembenuka. Bambo wina anasendera kuti amupatse malo. Mayi wina anamupatsa nthochi. Chimwalirireni mayi ake, panalibe amene anamutchulapo ndi dzina lawo. Kutauni ankadya yekha, kugona yekha, Lamlungu kukhala pa mpando wakumapeto m'tchalitchi. Tsopano mapewa a anthu ankamukhudza mbali zonse, fungo la utsi wa nkhuni ndi masamba a tiyi lili m'zovala zawo.

Nyimbo inayamba, yoti ana awo sadzathera m'mizere ya tiyi ngati makolo awo. Onse anaimba. Crispin sanaimbe. Anangoyang'ana nthochi ili m'dzanja lake.

Chiperoni chinayamba kuwaza. Palibe anachoka.

Kenako galimoto ya khonsolo inatulukira pa mlatho, ikuzemba maenje. Nyimbo inakula. Munatsika amuna awiri a mataye ndi mtsikana wina wonyamula faelo. Anaima pafupi ndi galimoto ngati akudikira wina.

A Yesaya anakwera pa sitepe ya laibulale. Mawu awo anamveka mpaka kumsika.

"Sitikufuna nthumwi ife! Tikufuna munthu amene analemba bajetiyi, amene anakhala pansi n'kusankha kuti chofunika kufa ndi laibulale ino. Abwere timuone nkhope!"

"Abwere!" linayankha khamu.

A Teleza anafinya mkono wa Crispin.

"Konzeka, mwanangu. Usamuope."

Mtsikana wa faelo uja anayang'ana uku ndi uku. Kenako anadutsa pakati pa mabenchi, anthu akumupatsa njira monyinyirika. Anafika kumbuyo, anaima pamaso pa Crispin, nawerama mwaulemu.

"Bwana, tinakusowani ku ofesi m'mawawu. Akuti akufuna amene analemba bajeti. Muyankhira pompano, kapena mubwera kutsogolo?"