Mzukwa Wopaka Ufa

Anthu anatuluka m'kanyumba ka vidiyo pa Nsanama akufa nako kuseka. Filimuyo inali ya nkhani zitatu za mizukwa ya kunkhondo, koma magazi ake ankachita kuonekeratu kuti ndi tomato.

Pabenchi panatsala Che Usumani okha, omwe anathawa nkhondo ku Mozambiki mwana wawo atagwidwa ndi asilikali.

"Yatha, bambo," anatero Goodwin, mwini vidiyo. "Mwachita mantha ndi mzukwa wopaka ufa uja?"

"Iyayi. Tabwezani pamene msilikali wakufayo akugogoda kwawo."

Goodwin anabweza tepi. Msilikaliyo anagogoda, bambo ake n'kutsegula.

Che Usumani anasendera pafupi.

"Mwaona? Wakufa saiwala njira ya kwawo. Nanga wanga akakagogoda, ndani akamutsegulire? Ine ndili kuno."