Njerwa Zana pa Tsiku

A Vicente ananyamula njerwa, n'kuitembenuza, n'kuiyang'anitsitsa ngati palembedwa uthenga. Anaiviika m'madzi. Anaiika pakhoma, n'kuichotsanso. Mayi wina wogwira wotchi m'manja, Dona Lucrécia, analemba kanthu m'kope mwake.

Linali tsiku lachitatu Dona Lucrécia atakhala pachitini, pansi pa mtengo wa pichesi. Ofesi ya zomangamanga ku Tsangano inawatuma kudzayeza kuti mmisiri mmodzi amamanga njerwa zingati pa tsiku. Nambala imeneyo ndi imene ikanauza akuluakulu tsiku lodzathera kachipatala kamene kankamangidwako.

Tsiku limenelo ndi limene mudzi wonsewo, kuseri kwa Ntengo-Wambalame, unkaliopa. Chinali chaka cha 1985. Asilikali khumi ndi awiri anabwera limodzi ndi simenti, kudzalondera simentiyo, osati anthu. Koma chibwerere iwo zigawenga zinasiya kufika, anthu n'kuyambanso kugona m'nyumba m'malo mwa kutchire. Mkulu wa asilikaliwo ananena mosabisa kuti malata akangokhomedwa, iwo akwera galimoto. Midzi yoyandikana nayo inali itatenthedwa kale, eni ake ali ku Malawi.

Choncho a Vicente, amene pa unyamata wawo ankamanga njerwa mazana asanu dzuwa lisanapendeke, anaphunzira ulesi atakalamba. Anauphunzitsanso anzawo, ndipo kunena zoona ophunzirawo anali anzeru. Chingwe ankachikoka kanayi pa mzere umodzi. Xavier, mmisiri mnzawo, mpeni womangira unkamusowa m'mawa uliwonse, gulu lonse n'kusiya ntchito kumuthandiza kufunafuna. Amayi otunga madzi anatulukira kuti madzi a pachitsime chapafupi sagwirizana ndi simenti. Mmisiri aliyense ankakwanitsa njerwa zana pa tsiku, ukakhala mwayi.

Dona Lucrécia sankaseka, sankakalipa. Ngakhale mbatata ya kachewere yootcha ankaikana.

"Mestre, ntchito imeneyi munayamba liti?" anafunsa a Vicente, powatchula mmisiri wamkulu m'chizungu.

"Nthawi ya atsamunda, mayi."

"Ndiye manja ake ndi omwewa?"

"Akalamba, mayi. Manja sachedwa kukalamba."

Dona analembanso m'kope muja.

Zinthu zinavuta tsiku lachinayi. Xavier anaiwala, n'kusakaniza matumba awiri a simenti nthawi imodzi, dzuwa lili pamutu. Matope anayamba kuuma ali pansi. Masiku amenewo simenti inkabwera kamodzi pa miyezi itatu, pa galimoto zoperekezedwa ndi mfuti, ndipo a Vicente chiyambire ntchito anali asanatayepo ngakhale fosholo imodzi. Anayang'ana matopewo, mtima unawawawa, manja n'kuiwala zimene mudzi unapangana. Njerwa zinkangokhala zokha pamzere. Pamene ankadzidzimuka, khoma linali litawafika pachifuwa, matope atatha, Dona ataima pambali pawo.

"Noventa e seis," anatero Dona. "Zangotsala zinayi kuti zikwane zana. Ola limodzi lokha."

M'mawa mwake Dona anakwera galimoto osatsanzika munthu.

A Vicente anachita mantha, koma manyazi ndi amene anakula. Masamu ake sankafuna sukulu: ndi liwiro limenelo kachipatalako kakanatha m'masabata asanu, mvula isanagwe n'komwe. Akazi awo, a Zefa, sanawanyoze. Anangoyamba kumanga katundu m'chitenje ndi kufunsa anthu njira yachidule yopita kumalire. Ena anasiya kugalauza minda, poti wodzakolola sankadziwika. Xavier anapepesa katatu, mpaka a Vicente anamuuza kuti akapepesanso amumangira m'khoma momwemo.

Patatha masabata awiri, galimoto za ku Tsangano zinabwera. Dona Lucrécia anatsika, nkhope ili gwaa ngati kale, n'kupereka kalata kwa mkulu wa asilikali. Mkuluyo anayamba kuwerenga. A Vicente anavula chipewa n'kuyandikira kuti chigamulocho achimve ataimirira. Kumbuyo kwa galimoto anthu ankatsitsa gogo wina wodwala miyendo, ana atatu, mphasa ndi dengu la nkhuku.

"Mayi, mwalemba masiku angati?" anafunsa a Vicente.

"Chaka ndi miyezi iwiri," anayankha Dona Lucrécia. "Ndazungulira malo asanu ndi awiri kufuna aulesi odalirika, okuposani sindinawapeze. Awa ndi amayi anga, awa ndi ana anga. Tigona nyumba iti?"