Kabokosi ka Mabuleki Kayankha

Kutangoda, makanika anabwerera kugalaja. Anali ataiwala kakompyuta kake koyezera matenda a galimoto kali kolumikiza kugalimoto ya mlamu wake, ndipo kakanamaliza batire.

Galimotoyo inamuzunza tsiku lonse. Nyali ya ABS, yochenjeza za vuto la mabuleki, sinkazima, kakompyutako kankangoti kabokosi kolamulira mabuleki sikakuyankha. Mafyuzi anali bwinobwino, mawaya osaduka. Atatopa, anamasula kabokosiko n'kukasiya patebulo.

Akutsegula chitseko, foni inalira.

"Alamu, mawa ikhala itatheka?" anafunsa mlamu wakeyo. "Ndikufuna ndikatule ana kusukulu."

"Inu mukamatola galimoto zotchipa zochita ngozi, wovutika ndine. Taimani kaye."

Galimoto inali pamajeke momwe anaisiyira, matayala ali m'malere. Koma pampando wa galimotoyo kakompyuta kankawala, kakuonetsa kuti kabokosi kaja tsopano kakuyankha. Anacheuka. Kanali patebulo pomwe paja, kopanda waya ndi mmodzi yemwe.

Manambala ankati matayala onse akuthamanga, liwiro likukwererakwerera. Anagwira tayala lakutsogolo. Silinkazungulira, koma linali lotentha ngati langochoka kumene pamsewu.

"Alamu, kodi mwini woyamba wa galimotoyi anapulumuka pangoziyo?" anafunsa makanika.

"Mwafunsiranji zimenezo?"

Chopondera mabuleki chinatsika chokha mpaka pansi. Chinabwerera, n'kutsikanso, n'kutsikanso mwamphamvu, nyali zofiira zakumbuyo zikuwalitsa khoma. Pakakompyuta paja liwiro silinatsike ngakhale pang'ono.

"Alamu, mukundimva?" inatero foni.

"Anawo mawa ayende wapansi," anayankha makanika motsitsa mawu, akubwerera chafutambuyo kukhomo.