Paipi ya Hita ya Galimoto ya Malemu Mabvuto

Panali munthu wina ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, dzina lake Lastone. Amene anaona zimenezi ndi maso akadali moyo.

Mkulu wake wa Lastone, bambo Mabvuto, anali ndi galimoto yakale yonyamulira nsomba kuchokera ku Chanyanya. Akazi awo, mayi Winfrida, ndiwo ankagulitsa nsombazo, ndipo galimoto ikavuta ankagwira sipanala limodzi ndi amuna awo. Sukulu sanapite nayo patali, koma chimene aona kamodzi sankachiiwala.

Bambo Mabvuto atamwalira, abale ndi a mpingo anasonkhana pakhomo kugawa katundu. Lastone anatola makiyi a galimoto nawaika m'thumba.

"Motoka ni ya banja lathu," anatero. "Imwe mulamu, sungani mapoto."

Ena anaseka. Mayi Winfrida sanalire, sanagwade, sanapemphe kanthu. Anangoti: "Tengani. Koma mverani ichi. Paipi ya hita, ija yotenthetsa m'kati mwa motoka, inang'ambika. Akulu anu anapatutsa manzi kuti asaloweko. Osaibwezera."

"Imvani mukazi akamba za mapaipi!" anayankha Lastone. "Apa ni pa maliro, mulamu, osati pa galaji."

Anthu anasekanso. Kuyambira tsiku limenelo mayi Winfrida ankakwera minibasi ndi dengu la nsomba pamiyendo. Akakumana ndi Lastone pamsewu ankamupatsa moni mwaulemu, osawonjezerapo liwu.

Lastone anayamba kunyamula anthu a ku Kafue Estates opita ku ntchito ku Lusaka. Itafika nyengo yozizira, madandaulo anayamba. Mtsikana wina wogwira ntchito m'sitolo, Felistus, ndiye analibe manyazi.

"Ba dalaiva, iyi ni motoka kapena ni firiji? Ise sindise nsomba za ba Mabvuto. Mukapanda kukonza hita, tizakwera motoka ya dalaiva mnzanu, ba Owen."

Lastone anatsegula boneti. Anapeza mapaipi awiri a mphira, amene kale ankatengera madzi otentha a injini ku hita, atalumikizidwa ndi kachidutswa ka paipi yachitsulo. Kumbuyo kwake kunali timilomo tiwiri ta hita, kamodzi kali ndi mng'alu. Mawu a mlamu wake anawakumbukira, koma anawakankhira kumbali. Anagula phula lomatira zitsulo, namata mng'aluwo, nakulungapo malegeni odula ku chubu chakale, namanga ndi waya. Mapaipi awiri aja anawabwezera ku hita, ndipo kachitsulo ka mkulu wake anakataya ku dzala.

Hita inagwira. Okwera anamutamanda, iye nayamba kuuza aliyense kuti akazi amasiye amangoopseza anthu. Chimene sanadziwe n'chakuti mng'alu uja unapitirira mpaka m'kati, kuseri kwa dashibodi, kumene dzanja lake silinafike.

M'mawa wina, galimoto ikukwera chitunda itadzaza, injini inatentha ndipo paipi inaphulika. Madzi owira anakhuthukira pa phazi la Lastone, nthunzi n'kudzaza m'galimoto. Mwamwayi anaimika pambali n'kuzimitsa injini. Okwera anatuluka osavulala, Felistus akufuula kuti, "Mwazi wa Yesu! Ni mwine wa motoka uyu, malemu ba Mabvuto, akana!"

Mawu amenewo anafika ku Nangongwe Lastone asanatuluke ku chipatala. Palibe amene anafunanso kukwera galimoto ya malemu. Abale omwe anaseka pa maliro aja ndiwo anayamba kumuuza kuti aibweze msanga, mzimu usanatenge mwendo wonse.

Anaikoka ndi chingwe mpaka pakhomo pa mayi Winfrida. Lastone anatsika akutsimphina, phazi lili m'bandeji, natambasula dzanja ndi makiyi.

"Mulamu, akulu anga akwiya. Tengani motoka yanu, nkhani isile."

Mayi Winfrida sanawalandire. "Amuna anga anagona mu mtendere, osawanamizira. Chamene chinakuwotchani ni paipi yamene ninakuuzani."

"Nanga nichite bwanji, mulamu? Nabweza kale."

"Simunabweze. Munatenga makiyi pamaso pa anthu, na kuniseka pamaso pa anthu. Mubweze pamaso pa anthu omwewo."

Mayiwo anatseka chitseko. Galimoto inakhala panja pa mpanda sabata yonse, ndipo ngakhale ankavutika ndi dengu m'minibasi, mayiwo sanaikhudze.

Lamulungu, mapemphero atatha, Lastone anabwera ndi abale ndi a mpingo. Anaima ndi ndodo, maso ali pansi.

"Mulamu ananichenjeza, ine sininamvere. Ninawaseka. Si mzimu, ni ine."

Mayi Winfrida analandira makiyi ndi manja awiri. Kenaka, anthu akuonerera, anatsegula boneti, nadula waya, nachotsa malegeni. Anacheka kachidutswa ka chitsulo ku chiwongolero cha njinga yakutha, nalumikiza mapaipi awiri aja monga ankachitira amuna awo, namanga zomangira zake zolimba, nathira madzi. Injini inalira.

Galimotoyo ikunyamula nsomba za ku Chanyanya mpaka lero. Hita siigwira, mayi Winfrida amavala juzi. Lastone amakwera minibasi.

Phunziro: Kukonza chinthu wekha si mlandu, koma usamate pamene ukuona n'kuiwala pamene sukuona. Munthu amene wakhala ndi chinthu nthawi yaitali akakuchenjeza, umvere, ngakhale ali mkazi wamasiye wopanda satifiketi. Ndipo ulemu umene walanda pagulu suubweza kuseri kwa nyumba. Tumizani nkhaniyi kwa oyendetsa galimoto, ndi kwa onse amene amafika pa maliro maso ali pa makiyi.